NKHANI YA MLUNGU UNO: Ndeke za Dziko Lino ndi Mabwalo Ake

Pamene ndeke ipita pamwamba pa midzi ya ku Nyimba, ku Petauke kapena ku Mambwe, ana amasiya masewera ao nathamangira poyera kuti akaione, koma akulu ambiri saweramuka nkomwe pa khasu. Iwo amati cinthuco ndi ca anthu a ndalama, ca nduna za boma ndi ca alendo odzaona nyama ku Luangwa, ndi kuti mlimi wa cimanga, nshawa ndi thonje alibe naco gawo. Mau amenewa ali ndi coona cake, pakuti tikiti imodzi ya ndeke ingathe kudya matumba ambiri a cimanga. Komabe ndi operewera. Mlimiyo, ngakhale sanapondepo pakhomo pa ndeke cibadwire, amalipirako ndeke za boma ndi mabwalo ake kupyolera m'misonkho imene imabisala mu mtengo wa sopo, shuga ndi malata. Ndiponso pakhala nyengo zina m'mbiri ya dziko lino pamene ndeke zomwezo zinamthandiza iye asakudziwa. Cotero nkoyenera kuti adziwe kumene ndalama zakezo zimapita, ndi cimene ayenera kuyembekezera pa izo.

Nchito ya ndeke zonyamula anthu ndi katundu, kupatula za asilikali, ili ngati mphika wokhala pa mafuwa atatu. Fuwa lina ndi makampani amene ali ndi ndekezo nagulitsa matikiti. Lina ndi mabwalo pamene zimatera ndi kunyamuka. Lacitatu wapaulendo saliona ndi maso, ndilo bungwe la boma limene limapima ndeke, kupereka malaisensi kwa oziyendetsa ndi kuletsa yosayenera kuuluka. Zambia waona mafuwa amenewa akugwedera pa nthawi zosiyanasiyana, ndipo nthawi zonse nsima yotayika inali ya anthu wamba.

Imodzi ya ndeke zoyamba kuoneka kuno inafika mu 1920. Inali kuchedwa Silver Queen II, ndipo oiyendetsa ake, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, anali pa ulendo wocokera ku England kupita ku Cape Town. Inatera ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, ku Ndola, ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, ndi ku Livingstone. Mabwalo amene inaterapo analambulidwa ndi anthu a m'midzi ndi nkhwangwa ndi makasu, akugwetsa mitengo ndi kusalaza zulu, ngakhale kuti maina ao sanalembedwe paliponse. Mu 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba kupititsa makalata ndi anthu pakati pa London ndi Cape Town, ikutera pa Mpika ndi pa Broken Hill. Mu 1946 kunabadwa Central African Airways, yotumikira Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland pamodzi. Koma likulu lake, malo okonzera ndeke ndi nchito zabwino zonse zinali ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Zambia Airways yoyamba, imene inakhazikitsidwa mu 1964, caka ca ufulu, inali cabe nthambi ya kampani imeneyo.

Cimene cinatsegula maso a atsogoleri a dziko latsopanoli cinacitika pa 11 November 1965, pamene Ian Smith ndi anzake analengeza mwacipanduko kuti Rhodesia yadzilamulira. Pa nthawiyo mafuta onse a motoka, malasha a ku migodi ndi katundu wambiri wa m'masitolo anali kubwera ndi njanji yodutsa ku Rhodesia, ndipo mkuwa nao unali kutuluka ndi njira yomweyo. Britain italetsa mafuta kupita kwa Smith mu December caka comweco, iye anatsekanso mafuta obwera ku Zambia. Dziko lopanda nyanja yaikulu linakhala ngati munthu amene mnansi wake wamtsekera njira ya kucitsime. Petulo anayamba kugawidwa pang'onopang'ono, ndipo mantha anali akuti zigayo, malole onyamula mbeu ndi motoka za zipatala zidzaima.

Cipulumutso coyamba cinadza kucokera m'mwamba. Ndeke za Britain zinayamba kunyamula mafuta m'madiramu kucokera kum'mawa kwa Africa kudzatula pa Lusaka ndi pa Ndola. Ndeke za Canada zinali kuwatenga ku Leopoldville, kumene lero ndi Kinshasa, ndipo America nayo inalipira ndeke zina zothandiza pa nchitoyo. Kunyamula mafuta ndi ndeke ndi cinthu codula kosaneneka, popeza ndekeyo imamwa mafuta ambiri kuti ifikitse mafuta ena, koma panalibe kucitira mwina kufikira malole atazolowera mseu wobvuta wopita ku Dar es Salaam. Mu 1966 kunayambanso kampani ya Zambia Air Cargoes, imene ndeke zake za mtundu wa Hercules zinali kupita ndi mkuwa ku Dar es Salaam ndi kubwerako ndi mafuta. Bvutolo linatha bwino pamene paipi ya TAZAMA inafika ku Ndola mu 1968. Agogo amene anagayitsa cimanga cao m'miyezi imeneyo mwina sanadziwe kuti mafuta oyendetsa cigayoco anadutsa m'mitambo.

Phunziro linali lomveka: dziko lotsekedwa ndi maiko ena mbali zonse liyenera kukhala ndi khomo lake la m'mwamba limene mnansi sangathe kulitseka. Mu 1967 bwalo lalikulu la ndeke la Lusaka linatsegulidwa kum'mawa kwa mzindawo, pafupi ndi mseu wobwera ku Chipata, kulowa m'malo mwa kabwalo kakale ka m'kati mwa mzinda. Caka comweco Central African Airways inatha, ndipo Zambia Airways inaima payokha monga kampani ya boma. Poyamba inathandizidwa ndi akatswiri a kampani ya ku Italy ya Alitalia, ndipo kuyambira mu 1975 ndi a Aer Lingus ya ku Ireland. Ana a dziko lino anaphunzira kuyendetsa ndeke ndi kukonza mainjini, ena kunja, ena pa sukulu ya Zambia Air Services Training Institute ku Lusaka.

Zaka zimenezo zinali za ulemerero, ndipo amene anaziona amazikumbukabe. Ndeke zokhala ndi cizindikiro ca nkhwazi pamcira zinali kutera ku London, ku Rome, ku Frankfurt ndi ku Bombay. Mu 1984 kampaniyo inalandira ndeke yaikulu ya mtundu wa DC-10 naipatsa dzina lakuti Nkwazi, ndipo mu 1988 inayamba kufika nayo ku New York, ikupumira ku Monrovia m'dziko la Liberia. M'kati mwa dziko, ndeke zing'onozing'ono za mtundu wa HS 748 zinali kutera ku Chipata, ku Mfuwe, ku Kasama, ku Mansa, ku Mongu ndi kwina, zikunyamula anchito a boma, amalonda, odwala, makalata ndi manyuzipepala.

Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuti munthu amvetse cimene cinapha kampani yokongolayi, ayenera kuyerekeza ndeke ndi basi. Basi ya pa siteshoni ingathe kuima dzuwa lonse kudikira kuti mipando idzaze, ndipo okwera angadandaule koma sapita kwina. Ndeke siidikira. Nthawi yake ikakwana imanyamuka, kaya yadzaza kapena ili ndi anthu khumi, pakuti kumene ikupita anaikonzera kale ola lake lotera. Mpando umene wapita wopanda munthu uli ngati mkaka wosagulidwa, sungasungidwe kuti ukagulitsidwe mawa. Pomwepo mafuta, malipiro a anchito ndi msonkho wa pabwalo ndi cimodzimodzi, ndeke ikhale yodzaza kapena yopanda kanthu. Njira zazitali monga ya ku New York zimafuna anthu mazana tsiku lililonse limene ndeke iuluka, ndipo dziko la anthu ocepa ndi a ndalama zocepa silikanatha kuwapeza nthawi zonse.

Bvuto lina linali loposa pamenepa. Matikiti ambiri anali kugulidwa ndi makwaca, koma zitsulo zokonzera ndeke, inshuwalansi, mafuta ogulidwa kunja ndi nkhongole zogulira ndekezo zonse zinali kufuna madola. Mtengo wa mafuta padziko lonse unakwera koopsa mu 1973 ndiponso mu 1979. Mtengo wa mkuwa, umene ndiwo unali kubweretsa madola, unagwa mu 1975 nukhala pansi zaka zambiri. Kuyambira mu 1985 kwaca inayamba kutha mphamvu mofulumira, kotero kuti citsulo cimene cinali kugulidwa ndi matikiti awiri cinayamba kufuna matikiti khumi. Pamwamba pa izi, monga zinaliri m'makampani ambiri a boma m'masiku amenewo, anchito anaculuka kuposa ndeke zimene anali kutumikira. Caka ndi caka boma linali kutapa m'thumba la dziko kuti litseke dzenjelo, thumba lomwelo limene linayenera kugula mankhwala ndi feteleza. Mu December 1994, mu ulamuliro wa Pulezidenti Frederick Chiluba, pamene mabungwe obwereketsa ndalama anali kukakamiza boma kuti lileke kudyetsa makampani otaya cuma, Zambia Airways inatsekedwa.

Ambiri amalira Nkwazi ndi ulendo wa ku New York, koma kunena zoona cimene dziko linataya koposa si cimeneco. Wofuna kupita kunja anapezabe ndeke za maiko ena pa Lusaka. Otayika anali maulendo a m'zigawo, amene panalibe mlendo wofuna kuwatola, ndiponso oyendetsa ndeke ndi amakanika ophunzitsidwa ndi ndalama za dziko lino, amene anamwazikana kukalemeretsa makampani a kwina. Kucokera nthawi imeneyo maulendo a ndeke zofika pa Chipata akhala a apo ndi apo. Munthu wa m'Chipata wofulumira ulendo wakunja nthawi zina amaona kuti ncapafupi kudumpha malire kukakwerera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita cifupifupi 150, kusiyana ndi kugwedezeka m'basi makilomita 570 kupita ku Lusaka.

Pa malo amene Zambia Airways inasiya panamera makampani a anthu wamba, ndipo ambiri anafota ngati bowa wa mvula imodzi. Aero Zambia inatha mu 2000. Zambian Airways, imene dzina lake linali kusokoneza anthu koma inali kampani ina, inaleka kuuluka mu January 2009. Zambezi Airlines inaimitsidwa ndi boma mu 2011 pa zifukwa za citetezo. Imene yapirira ndi Proflight Zambia, imene Tony Irwin, yemwe kale anali woyendetsa ndeke wa Zambia Airways, anaiyamba mu 1991. Iyo inayamba ndi tindeke tating'ono tocita kubwereketsa kwa ofuna, niwonjezera njira pang'onopang'ono monga mwa kuculuka kwa okwera. Palibe matsenga pamenepa. Ndi nzeru yomweyo ya mlimi amene amagula ng'ombe zaciwiri pokhapo zoyamba zitabweza ndalama zake.

Fuwa losaoneka lija linadziwika kufunika kwake mu 2009. Maiko a padziko lonse amatsata malamulo amodzi a ndeke, ocokera m'pangano limene linasainidwa ku Chicago mu 1944, ndipo bungwe la ICAO, lokhala ku Montreal m'dziko la Canada, limayendera maiko kuona ngati akuwasunga. Oyendera ake atafika kuno anapeza kuti kuyang'anira kwa boma kunali kofooka, makamaka pa kaperekedwe ka malaisensi kwa makampani. Mu July 2009 maiko a European Union analemba makampani onse a ndeke a Zambia pa mndandanda wa oletsedwa kuuluka kwao. Wina angaseke nati, nanga ciletso cimeneco cinapweteka yani, popeza panalibe ndeke ya Zambia yopita ku Ulaya? Cinapweteka ndithu. Makampani a ku Ulaya okonzera anthu maulendo odzaona nyama anayamba kuopa kukweza alendo ao pa ndeke za kuno, ndipo mlendo amene sanafike ku Mfuwe ndiye kuti wophika, wocapa, wolondolera alendo m'thengo ndi mai wogulitsa ndiwo zamasamba ku malo ogona alendowo onse anataya kanthu. Boma linakonza zinthu. Lamulo la mu 2012 linakhazikitsa bungwe loima palokha la Civil Aviation Authority, oyang'anira anaphunzitsidwa, ndipo mu June 2016 dzina la Zambia linafafanizidwa pa mndandandawo. Zinatenga zaka 7 kubweza mbiri imene inatayika m'mwezi umodzi.

Dzina la Zambia Airways linaukanso pa 1 December 2021, pamene ndeke ya kampani yatsopano inauluka kucokera ku Lusaka kupita ku Ndola. Pa kukhazikitsidwa kwake, boma kupyolera m'bungwe la Industrial Development Corporation linatenga magawo 55 pa 100 alionse, ndipo 45 otsalawo anapita kwa Ethiopian Airlines, imene inalowanso m'pangano lotere ndi boma la Malawi zaka zingapo m'mbuyo mwake. Kampani ya ku Ethiopia imeneyi iyenera kuyang'anitsitsidwa. Inayamba kuuluka mu 1946, ndi ya boma monga inaliri Zambia Airways yakale, ndipo dziko lake laona njala, nkhondo ndi kusintha kwa maboma. Komabe yakula kufikira kukhala yaikulu koposa zonse mu Africa, cifukwa oiyendetsa amasiyidwa kuti aiyendetse ngati malonda. Zimenezi zisonyeza kuti kukhala ya boma si ndiko kumapha kampani. Cimapha ndi kulemba nchito acibale, kutsegula njira kaamba ka ulemu cabe, ndi kukhulupirira kuti thumba la boma lilibe pansi. Zambia Airways yatsopano inayamba ndi ndeke yocepa ya mtundu wa Q400, yonyamula anthu 70 kapena kuposapo pang'ono, ndipo kuyamba kotero nkwanzeru. Eni ake enieni, ndiwo okhoma msonkho, ali ndi ufulu wofunsa caka ndi caka ngati ikudzidyetsa yokha.

Za mabwalo, dziko lino lili ndi anai olandira ndeke zocokera kunja, osungidwa ndi bungwe la Zambia Airports Corporation. Mu 2011 Pulezidenti Michael Sata anapatsa atatu mwa iwo maina a omenyera ufulu: la Lusaka linakhala Kenneth Kaunda, la Ndola Simon Mwansa Kapwepwe, ndi la Livingstone Harry Mwaanga Nkumbula. Lacinai ndi la Mfuwe, m'cigawo ca kum'mawa. Wapaulendo amaona nyumba yokongola ndi magalasi ake, koma mtima wa bwalo uli panja. Njira yoterapo ndeke pa Lusaka ndi yaitali makilomita cifupifupi 4, ndipo kutalika kumeneku kuli ndi cifukwa cake. Lusaka ali pamalo okwera mamita oposa 1,000 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo pamalo okwera ndi otentha mpweya umakhala wopepuka, kotero kuti ndeke yolemedwa imafuna kuthamanga mtunda wautali mapiko ake asanaigwire. Pambali pake pali nsanja, yonga ija ya mlonda wa m'munda, m'mene anthu amalankhula ndi oyendetsa ndeke pa wailesi usana ndi usiku, kuuza uyu kuti atsike ndi uyo kuti adikire. Palinso ozimitsa moto amene angathe kukhala caka cathunthu osaitanidwa, koma popanda iwo ndeke yaikulu siiloledwa kutera.

Mu 2021 nyumba yatsopano ya apaulendo inatsegulidwa pa bwalo la Kenneth Kaunda, yomangidwa ndi madola 360 miliyoni, ndipo ku Ndola kunatsegulidwa bwalo latsopano lathunthu la madola 397 miliyoni. Ndalama zambiri mwa izi zinali nkhongole zocokera ku China. Apa ndi pamene nkhani ya ndeke imalowa m'nyumba ya munthu aliyense, pakuti mu November 2020 Zambia analephera kulipira zina mwa nkhongole zake zakunja, ndipo zaka zotsatira zinatha ndi kukambirana ndi obwereketsa. Mabwalowa si ndiwo okha anabweretsa katundu ameneyo, koma ali m'gulu lake. Nyumba yatsopano ya pa Lusaka inakonzedwa kuti izilandira anthu 4 miliyoni pa caka, pamene mu 2019, mliri wa Covid-19 usanaimitse maulendo, onse odutsa pa mabwalo anai aja pamodzi sanafike 2 miliyoni. Omanga ali ndi yankho lao, ndipo si lopusa: nyumba ya mu 1967 inali itakalamba ndi kucepa, bwalo limamangidwira ana ndi adzukulu, ndipo Zambia, wokhala pakati pa maiko 8 oyandikana naye, angathe kukhala mphambano pamene apaulendo amasinthira ndeke. Zonsezi nzotheka. Koma nkhokwe yaikulu siiitana cimanga, ndipo Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg anayamba kale kukhala mphambano zotero.

Bwalo limapeza ndalama pa ndeke iliyonse yotera, pa msonkho wobisika m'tikiti ya wokwera aliyense, pa lendi ya masitolo, ndiponso pa ndeke zongodutsa m'mwamba, monga zocokera ku Johannesburg kupita ku Ulaya, zimene zimalipira cifukwa cotsogoleredwa pa wailesi. Ndeke zikacepa, akuluakulu amayesedwa kuti akweze misonkhoyo. Ikakwera, tikiti imadula, ndipo okwera amacepanso. Makampani akunja nao amabwera ndi kupita monga mwa phindu lao. British Airways inaleka njira ya pakati pa London ndi Lusaka mu 2013 itaiyenda zaka zambiri. Emirates ya ku Dubai inayamba kufika mu 2012, ndi Qatar Airways mu 2021. M'mimba mwa ndeke zazikulu zotere, pansi pa mipando ya anthu, ndi m'mene mumayenda mankhwala ofuna kuzizira, zitsulo zofulumira za ku migodi, ndiponso maluwa ndi ndiwo zamasamba za m'mafamu ozungulira Lusaka zopita ku misika ya ku Ulaya.

Tsono gawo la munthu wa kumudzi lili kuti? Ku Mfuwe yankho limaoneka ndi maso. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kutsegula msasa woyamba wa alendo odzaona nyama m'cigwa ca Luangwa, ndipo mu 1972 South Luangwa, malo osungirako nyama otetezedwa ndi boma, inakwezedwa kukhala National Park. Mlendo wocokera kutali, amene ali ndi masiku owerengeka cabe, sangathere awiri pa mseu. Ndeke imamfikitsa kucokera ku Lusaka m'ola limodzi ndi mphindi zocepa. Kuyambira mvula ikatha kufikira kutentha kwa October, bwalo limeneli ndilo khomo limene ndalama zimalowera m'cigwamo, ndipo sukulu, zitsime ndi zipatala zing'onozing'ono zina za kumeneko zinamangidwa ndi thandizo locokera ku malonda a alendowo. Kaya ndalamazo zimagawidwa mokwanira pakati pa eni malo ogona ndi anthu amene njovu zimawadyera minda, imeneyo ndi nkhani ina yofuna tsiku lake.

Kwina gawolo limafika mwakacetecete. Bungwe la Zambia Flying Doctor Service, limene Dr James Lawless analiyamba mu 1965 ndipo likulu lake lili ku Ndola, lakhala likupereka madotolo ndi anamwino ku malo kumene miseu imaduka m'nyengo ya mvula, ndi kutenga odwala kwambiri kuwapititsa ku zipatala zazikulu. Ku Ndola komweko kuli likulu la bungwe la maiko a m'cigawo cino ca Africa lolimbana ndi dzombe lofiira, limene limazonda ndi kupopera mankhwala kucokera m'mwamba m'madambo m'mene dzombelo limaswana, lisanauluke kudzagwera minda. Ngakhale mau a zanyengo amene mlimi amamva pa wailesi asanabzale, mbali yake imacokera ku zipangizo zopimira mvula ndi mphepo zimene zambiri zinaikidwa pa mabwalo a ndeke, popeza woyendetsa ndeke ndi mlimi onse awiri amafunsa funso limodzi kwa mitambo.

Ndeke za nchito zoterezi sizifuna nyumba ya magalasi. Zimafuna kamtunda kosalala, kouma ndi kopanda copinga, konga tibwalo ta ku Lundazi ndi ku Petauke ndi tina tambiri tomwazikana m'maboma. Boma layamba kukumbukira mabwalo a m'zigawo, monga la Kasama limene njira yake yatsopano ya phula inatha mu 2023. Ndalama zokonzera tibwalo khumi ta m'maboma ndi zocepa poyerekeza ndi za nyumba imodzi ya mumzinda, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhansala a m'madera amenewa acita bwino kumazikumbutsa pamene ndalama za caka zikugawidwa.

Koma mbali ina ya nchitoyi ili m'manja mwa mafumu, anyakwawa ndi anthu ao. Kabwalo kopanda mpanda kamakopa abusa, cifukwa msipu wake ndi wabwino, ndipo ng'ombe imodzi yoima pakati ingathe kubweza ndeke imene inadzera mai wobvutika pobereka. Ngolo yodutsapo m'dzinja imasiya mikwasa imene ikauma imalimba ngati mwala, yokwanira kuthyola mwendo wa ndeke yaing'ono. Ciswe cikayamba kumanga culu, cimafuna kukumbidwa cikali cacing'ono. Dzala lotayako zinyalala pafupi ndi bwalo limaitana akhwangwala ndi akabawi, ndipo mbalame yolowa mu injini ingagwetse ndeke. Moto wa lupsa wa mu August ndi September umaphimba bwalo ndi utsi kotero kuti woyendetsa saona poti atere. Thumba lija la nsalu lopacikidwa pa mlongoti limamuuza kumene mphepo ikucokera, ndipo wolicotsa kuti akasokere cina wamcotsa maso. Waya wa mpanda wobedwa kukachera misampha, ndi malo a m'mphepete mwa bwalo ogawidwa kwa omanga nyumba, ndizo zimene zimatseketsa tibwalo totere, pakuti oyang'anira akapeza kuti sikali bwino amalembera oyendetsa ndeke onse kuti asaterepo.

Ndipo ndeke ikatera, makolo agwire ana ao. Cipupa ca kutsogolo cikamazungulira sicioneka ndi maso, ndipo palibe woyenera kuyandikira kufikira injini itazima ndi woyendetsa atakodola ndi dzanja.